Zipolopolo zowerengeka: mbiri ya Resident Evil ndi kumene iyenera kulowera

Sabata ino ndi gawo langa, ndipo ena mudabwa kuti mayi wogulitsa tomato mumsika wa Mchesi akulemba za gemu. Pirirani nane.

Ndili mtsikana, achimwene anga ankandizembetsa kupita kukashopu kena kuseri kwa akalipentala, komwe kunali TV imodzi ndi PlayStation. Anyamata ankalimbirana za mpira, koma mwini shopu akaika Resident Evil, tonse tinkangoti zii.

Gemuyi inatuluka mu 1996 ku kampani ya Capcom ya ku Japan, motsogozedwa ndi Shinji Mikami. Kwawoko amaitcha Biohazard. Nkhani yake ndi ya apolisi otsekeredwa m'chinyumba cha m'nkhalango pafupi ndi mzinda wopeka wa Raccoon City, komwe kachilombo ka kampani ya mankhwala ya Umbrella kasandutsa anthu kukhala mitembo yoyenda. Ife tinkangoti ndondocha.

Komatu chimene chinkatiumitsa pakamwa si nkhope zawo ayi. Kunali kusowa. Jill Valentine ankanyamula zinthu 8 zokha, Chris Redfield 6. Ukatola kiyi, usiye mankhwala. Ngakhale kuseva pamene wafika kunkafuna riboni ya makina otayipira, nayonso yowerengeka. Ndondocha itaima pakhomo, iwe uli ndi zipolopolo zitatu: uwombere, kapena uilambalale n'kusungira zam'tsogolo? Aliyense wa geni amawadziwa mantha amenewa. Mpamba uli pamfundo ya chitenje ndi womwewo, ukaoda molakwika m'mawa, madzulo poto sakhala pamoto.

Ya 1998 ndi ya 1999, ija ya chimphona Nemesis, zinasunga mwambowu. Zinthu zinatembenuka mu 2005 ndi Resident Evil 4. Kamera inabwera paphewa pa Leon Kennedy, adani akafa n'kumagwetsa ndalama ndi zipolopolo, ndipo kunabwera wamalonda uja wa chikhoti chodzaza mfuti. Mnzanga wa geniyo ndimamukonda, sindinama, ndipo gemuyo ndi yokoma. Koma ndi iyeyo anatsegula chitseko: mantha anayamba kugulika ndi ndalama.

Ya 2009 anaiika kuno ku Africa, kudera lopeka lotchedwa Kijuju. Anthu ambiri anadandaula poona mzungu akuwombera khamu la anthu akuda, ngakhale anamupatsa mnzake wachikuda, Sheva Alomar. Ine chinandiwawa n'chakuti misika ndi makwalala ofanana ndi athu anangokhala bwalo lophunzirirapo kuwombera. Ya 2012 ndiye eee, inangosanduka filimu ya nkhondo, kuphulika paliponse, mtima osagunda n'komwe.

A Capcom anazindikira. Mu 2017 Resident Evil 7 inatibwezera m'nyumba imodzi yowola ya banja la Baker ku Louisiana, tikuona ndi maso a Ethan Winters, munthu wamba wofunafuna mkazi wake. Mu 2019 anakonzanso ija ya 1998, mantha n'kubwerera. Koma Village ya 2021 inabweretsanso wamalonda, ndipo pofika kumapeto mfuti zinali mbwee.

Nde ine maganizo anga ndi awa. Asilikali odziwa nkhondo apume kaye. Atipatse munthu wamba, namwino kaya woyendetsa kabaza, amene mfuti ikumunjenjemera m'manja. Wamalonda akhalepo, koma katundu azimuthera, mitengo izikwera usiku ukamapita, ngati mmene zimakhalira kuno mafuta akasowa. Ndipo akafuna kubwereranso ku Africa, alembe ntchito alembi a konkuno, anthu a m'nkhaniyo akhale ndi maina ndi abale, kuti ndondocha imene yaima pakhomo ikhale munthu amene dzulo unamukongoza tomato.

Mwana wanga wamkulu akuti zimenezo palibe angagule, anzake amafuna kuwombera basi. Ndamuuza kuti Loweruka tikabwereke ya 2019 kwa amalume ake, aisewere usiku, ine nditakhala pambali n'kumamuwerengera zipolopolo.