Masamu a zinthu zosintha ndi njira imene anadzera pofika kwathu

Pa 6 July 1958 ndege inatera pa bwalo la Chileka itanyamula Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali atakhala kunja kwa dziko lino zaka zoposa 40. Za khamu limene linamulandira, mabuku a mbiri anena kale zambiri. Ife tikufuna tione ndege yomweyo. Mapiko ake, mafuta ake ndi kutalika kwa msewu woterapo zinawerengeredwa ndi masamu otchedwa calculus, ndipo tsiku limenelo m'Nyasaland munalibe yunivesite ngakhale imodzi yowaphunzitsa. Wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita ku Fort Hare, ku Makerere kapena ku Salisbury.

Chimodzimodzinso ku Lirangwe, chakumpoto kwa Lunzu. Njanji yochokera ku Blantyre imene inafika ku Salima mu 1935, yokhudza nyanja pa Chipoka, inadutsa pamenepo. Makolo athu anagwira khasu, piki ndi fosholo. Amene ankawerengera mapindidwe a njanji ndi mphamvu ya milatho anali akatswiri ochokera kunja.

Kodi calculus nchiyani? Masamu a kupulayimale amawerenga zinthu zokhazikika: matumba a chimanga, mabigili a usipa, ndalama za m'thumba. Calculus amawerenga zinthu zimene zikusintha pamene tikuziyang'ana. Mwala ukagwa kuchokera pamwamba umayenda mamita pafupifupi 5 m'sekondi yoyamba, ndipo pakutha pa masekondi awiri umakhala utayenda mamita 20. Tikagawa 20 ndi 2 tipeza mamita 10 pa sekondi, koma limenelo si liwiro la mwalawo pa mphindi yeniyeniyo, pakuti unayamba pang'onopang'ono nkumathamangirathamangira. Tikamachepetsa kanthawi koyezera, kuchoka pa sekondi kufika pa theka lake, kenaka pa kachigawo kakang'onong'ono, yankho limayandikira mamita 20 pa sekondi. Kupeza liwiro la pa mphindi imodzi ndiye mwendo woyamba wa calculus. Mwendo wachiwiri ndi kuphatikiza tizidutswa tosawerengeka kuti tidziwe chinthu chonse, monga kuchuluka kwa madzi amene mtsinje wathira m'nyanja chaka chathunthu, ngakhale kuti tsiku lililonse umayenda mosiyana.

Nzeru imeneyi sinabadwe tsiku limodzi. Cha m'ma 820, ku Baghdad, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku limene dzina lake lili ndi mawu akuti al-jabr, komwe kunachokera dzina lakuti algebra. Gawo lalikulu la bukulo limafotokoza kawerengedwe ka chuma cha masiye. Patapita zaka pafupifupi 200, Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra ndi kugwira ntchito ku Cairo, anapeza njira yowerengera kukula kwa mkati mwa chinthu chokhota pochidula, m'maganizo, m'timagawo topyapyala nkutiphatikiza. Ku Kerala, m'dziko la India, Madhava anapitiriza ntchito yotere cha m'ma 1400. Koma tinene zoona: amene analumikiza miyendo iwiri ija, naonetsa kuti umodzi ndi kubwerera m'mbuyo kwa unzake, ndi Isaac Newton ku England m'zaka za 1665 ndi 1666, ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany amene anasindikiza njira yake mu 1684. Zizindikiro zimene ana athu amalemba lero ndi za Leibniz. Mutu umodzi susenza denga: mitundu yambiri inaikapo dzanja.

Kwathu kuno khomo linatseguka mochedwa. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inayamba mu 1940; ya Zomba Catholic mu 1942; ya boma ku Dedza mu 1951. Mabanja ambiri a Chisilamu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota anachedwanso kawiri, chifukwa sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni ndipo makolo ankaopa kuti mwana akalowamo asiya chipembedzo chake. Mantha awo anali ndi chifukwa, koma mtengo wake tinaulipira kwa zaka zambiri.

University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu, ndipo maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira 90, motsogozedwa ndi Dr Ian Michael. Kuchokera pa bwalo la Chileka kufika kumeneko ndi makilomita osakwana 25, koma panapita zaka 7 chiterere ndege ija kuti mwana wa dziko lino aphunzire masamu a ukachenjede m'dziko lake. Polytechnic, kumene timasulira mainjiniya, inakhala mbali ya yunivesiteyi mu 1967. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Pambuyo pake kunabwera Mzuzu University, LUANAR ndi MUST ya ku Thyolo, ndipo mu 2021 Polytechnic inaima payokha ndi dzina lakuti MUBAS. M'masukulu amenewa, wophunzira uinjiniya kapena sayansi amakumana ndi calculus m'zaka zake zoyambirira.

Pamenepa mpamene pagona nkhani yathu. Sukulu yaulere ya pulayimale inayamba mu 1994, ndipo mu 1998 malo ophunzirira a MCDE anasanduka ma CDSS, onga amene ali ku Lirangwe, ku Chileka ndi m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Ana ochuluka analowa sekondale, chimene ndi chinthu chabwino. Koma pa MSCE, calculus amapezeka mu Additional Mathematics, phunziro limene sukulu zambiri za kumudzi siziphunzitsa. Motero ana awiri amakhala pa benchi imodzi ku yunivesite, wina ataziona kale zizindikirozo, wina akuziona koyamba. Ndipo chimene chimagwetsa ambiri si maganizo atsopanowo ayi. Ndi algebra ya ku sekondale imene anailoweza osaimvetsa. Khoma likang'aluka, vuto limakhala pa maziko.

Ife a kunyanja nkhaniyi ndi yathu kuposa momwe timaganizira. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri kotero kuti Shire anasiya kutuluka m'menemo. Mu 2024 inakwera nkulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Pakati pa njala ya madzi ndi kusefukira paima Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, ndi malo opangira magetsi a Nkula, amene anayamba mu 1966, kufupi ndi Zalewa, kungopitirira Lirangwe. Wotsegula zipata za ku Liwonde ayenera kudziwa kuti nyanja ikukwera mofulumira bwanji ndiponso kuti madzi onse odzalowa pofika chilimwe adzachuluka motani. Amenewo ndi mafunso awiri aja a calculus. Akalakwitsa mbali imodzi, makina a magetsi amasowa madzi. Akalakwitsa inayo, midzi imamira.

Choncho tisayembekeze kalata ya ku yunivesite kuti tiyambe kufunsa. Mwana akadali Fomu 2, wamkazi kapena wamwamuna, timufunse ngati angafotokoze chifukwa chimene yankho lake lili lolondola. Tifunse aphunzitsi aakulu ngati sukulu ili ndi Additional Mathematics, ndipo ngati ilibe, makolo tikambirane njira yopezera buku ndi munthu wothandiza. Amene anadutsa kale ku Zomba ndi ku Blantyre akabwera kumudzi pa tchuthi, akhale pansi ndi ang'ono awo madzulo amodzi pa sabata. Makolo athu anakumba njanji imene anaiwerengera ena. Zipata za ku Liwonde zikufuna ana odziwa nyanjayi, odziwanso kuiwerengera.