Macbeth wa m'Sewero ndi Macbeth wa m'Mbiri

Mwa masewero omvetsa cisoni amene William Shakespeare (1564-1616) analemba, lalifupi koposa onse ndi la Macbeth. Mwana wa sukulu amene waliwerenga atseka buku atagamula kale mlandu: Macbeth ndiye woipa, Duncan ndiye mfumu yokalamba ndi yofatsa, ndipo Banquo ndi Macduff ndiwo ngwazi. Koma Macbeth ndi Duncan anali anthu enieni amene analamuladi dziko la Scotland, ndipo zolembedwa za m'masiku ao zinena zina. Mphunzitsi ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri, kuti angapatse ana nthano m'malo mwa mbiri.

Poyamba sewerolo Macbeth ndi kazembe wolimba mtima amene walanditsa ufumu wa Duncan m'manja mwa opanduka ndi ankhondo a ku Norway. Mfiti zitatu zikomana naye panjira, nizimuuza kuti adzakhala mfumu. Mfitizo sizimuuza kuti aphe munthu ai; ganizo lakupha libadwa mumtima mwace momwe. Iye yekha awerenga zifukwa zomletsa: Duncan ndi mbale wace, ndi mfumu yace, ndiponso ndi mlendo wogona m'nyumba mwace. Koma mkazi wace amtonza kuti si mwamuna, ndipo munthu uja wosaopa mikondo aopa citonzo, napha mfumu iri m'tulo. Kuyambira usiku umenewo tulo timthawa. Aphetsa Banquo cifukwa ca mantha, ndipo pambuyo pace aphetsa mkazi ndi ana a Macduff cifukwa ca ukali wokha. Chimo loyamba alicita akunthunthumira. Lotsiriza alilamula osafunsa munthu. Mkazi wace ayamba ndi mtima wouma, natsiriza akuyenda m'tulo, akusamba m'manja kuti acotse mwazi umene palibe wina auona. Cimene cimvetsa woonerera cisoni ndico cakuti Macbeth adziwa cabwino nthawi yonse, koma asankha coipa. Apa asiyana ndi Iago wa m'sewero la Othello, amene akondwera ndi cinyengo cace, ndipo atagwidwa akana kulongosola cifukwa cace.

Ngwazi za m'sewerolo nazonso siziri zopanda banga. Banquo anali pomwepo pamene mfiti zinalosera, ndipo iye zinamuuza kuti mbeu yace idzakhala mafumu. Iye akana kudetsa dzina lace ndi ciwembu, ndipo pamenepo aposa Macbeth. Koma Duncan ataphedwa, Banquo amganizira mnzaceyo kuti ndiye wakupha, nakhala cete, poyembekeza kuti mau onena za mbeu yace nawonso adzacitika. Macduff athawira ku England kukaitana Malcolm, mwana wa Duncan, nasiya mkazi ndi ana ace ku Fife opanda wowachinjiriza. Pakumva za imfa yao adzitsutsa yekha. Tsono mlembi sanagawe anthu ace m'magulu awiri, oyera ndi akuda, koma aonetsa cimene munthu ali yense acita pofika mayesero.

Mbiri ya ku Scotland inena motere. Masiku amenewo ufumu sunali kupita kwa mwana wa mfumu nthawi zonse. Kawirikawiri unali kusinthana pakati pa nthambi za banja lacifumu, ndipo mafumu ambiri anafa ndi lupanga la wowalowa m'malo. Atate wa Macbeth, dzina lace Findláech, anali wolamula dziko la Moray ca kumpoto, ndipo anaphedwa m'caka ca 1020 ndi ana a mbale wace. Mmodzi wa anawo, Gille Coemgáin, anatenthedwa pamodzi ndi anthu ace 50 m'caka ca 1032. Pamenepo Macbeth analowa ulamuliro wa Moray, nakwatira Gruoch, mkazi wamasiye wa wakufayo, amene anali wa mwazi wacifumu ndipo anali naye mwana wamwamuna, dzina lace Lulach.

Duncan analowa ufumu m'caka ca 1034 m'malo mwa ambuye ace, Malcolm II, ndipo sanali nkhalamba konse. Cakumapeto kwa ufumu wace anakazinga mzinda wa Durham ku England, nagonja koopsa. M'mwezi wa August 1040 anapita ndi ankhondo ace ku Moray, dziko la Macbeth, ndipo anaphedwa pa nkhondo ku Pitgaveny pafupi ndi Elgin. Sanafere pakama m'nyumba ya womcereza iai.

Macbeth analamula zaka 17. M'caka ca 1045 Crínán, atate wa Duncan, anafa pa nkhondo ya pakati pa anthu a Scotland okhaokha. M'caka ca 1050 Macbeth anapita ulendo wacipembedzo ku Rome, ndipo mlembi Marianus Scotus, amene anali ndi moyo masiku omwewo, analemba kuti mfumuyo inagawira osauka ndalama zambiri kumeneko. Mfumu yodedwa ndi anthu ace sikadalimba mtima kusiya dziko miyezi yambiri. Kwalembedwanso kuti iye ndi Gruoch anapereka minda kwa amonke a pa cisumbu ca m'nyanja ya Loch Leven. M'caka ca 1054 Siward, wolamula Northumbria, anabwera ndi ankhondo ocokera ku England nampambana, koma Macbeth sanafe pa nkhondo imeneyo monga sewero linena. Anakhalabe zaka 3, kufikira anaphedwa ku Lumphanan m'caka ca 1057 ndi gulu la Malcolm. Ngakhale pamenepo amene anaikidwa ufumu ndi Lulach, mwana wopeza wa Macbeth, amene Malcolm anamuphanso m'caka ca 1058. Malcolm III analamula kufikira 1093.

Nanga mfumu yotere inasanduka bwanji cirombo? Mafumu amene anatsata Malcolm III anali mbeu ya Duncan, ndipo olemba mbiri a m'masiku ao analibe cifukwa cokometsera munthu amene anapha kholo la mafumuwo. M'caka ca 1527 Hector Boece anasindikiza mbiri ya Scotland yodzala ndi nthano, ndipo m'menemo ndimo dzina la Banquo lioneka poyamba. Nkhani zace zinalowa m'buku la Raphael Holinshed, limene linasindikizidwa kaciwiri m'caka ca 1587, ndipo ili ndilo buku limene Shakespeare anawerenga. Koma ngakhale m'buku la Holinshed, Duncan ndi mfumu yofoka, Macbeth alamula bwino zaka 10, ndipo Banquo ali m'gulu la opangana kupha Duncan. Nkhani yakupha mfumu usiku m'nyumba ya womcereza, mkazi akusonkhezera mwamuna wace, Shakespeare anaitenga pa tsamba lina la buku lomwelo, ponena za Donwald amene anaphetsa mfumu Duff.

Zifukwa zosinthira nkhaniyo zioneka poyang'ana nthawi imene sewero linalembedwa, ndiyo pafupifupi caka ca 1606. M'caka ca 1603 James VI wa ku Scotland analowanso ufumu wa England, natenga gulu la osewera la Shakespeare kuti likhale lace. Banja lace la Stuart linali kudziyesa mbeu ya Banquo, ngakhale ofufuza a pambuyo pace anapeza kuti makolo ace anacokera ku Brittany. Kholo la mfumu silikadaonetsedwa pabwalo monga wakupha mfumu. Cifukwa cace Banquo anayeretsedwa, ndipo m'sewerolo mfiti zionetsa Macbeth mzere wa mafumu 8 a mbeu yace. James anali kuopanso ufiti: anafunsa yekha ena a iwo oimbidwa mlandu wa ufiti ku North Berwick m'caka ca 1590, nalemba buku la Daemonologie m'caka ca 1597. Ndipo m'mwezi wa November 1605 kunaululika ciwembu cofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ndi onga, mfumu iri momwemo. Anthu amene anali atangopulumuka zotere anafuna kuona wakupha mfumu akulangidwa.

Tsono mphunzitsi acita bwino akagawa bolodi pawiri, nalemba mbali imodzi zimene Macbeth acita m'sewero, ndi mbali ina zimene zolembedwa zakale zinena, pamodzi ndi zaka zace. Za mbali yoyamba ana afunsidwe kuti ndi pati pamene munthuyu akadabwerera, ndipo cinamletsa nciani. Za mbali yaciwiri afunsidwe kuti analemba nkhaniyi ndani, analemba liti, ndipo anali kudya nsima ya yani. Sewerolo linena zoona za mtima wa munthu amene alola chimo limodzi kubala lina, ndipo pa ici silikalamba. Koma si mboni pa mlandu wa mfumu imene inafera ku Lumphanan. Akulu amati mlandu suola. Mwana amene waphunzira kumva mbali zonse asanatsutse munthu wakufa kalekale sadzafulumira kutsutsa wamoyo.