Chiwindi cha amuna a ku Joni

Pa Park Station mu Johannesburg, pomwe mabasi a ku Lilongwe ndi Blantyre amanyamukira, pamadutsa zidzukulu za amuna omwe Wenela inkawatengera kumigodi mpaka 1974. Ine ndimati mbiri ya agogo awowo inalembedwanso m'chiwindi.

Chakudya chikatsika kummero chimagayidwa m'chifu, matumbo amayamwa zofunika, ndipo magazi amazitengera kuchiwindi. Chiwindicho chimasefa poizoni, chimasunga ayironi ndi kupanga ndulu yogayira mafuta. Choncho zimene munthu wadya ndi kumwa kwa zaka zambiri zimasiya chizindikiro m'menemo.

Mu 1929, Dr A.S. Strachan, popima mitembo ya anthu akuda mu Johannesburg, anapeza ayironi wochuluka m'ziwindi zawo. Pambuyo pake zinadziwika kuti wambiri ankachokera mumowa wofululira m'migolo yachitsulo. Mu 1951, Dr Charles Berman anatulutsa buku la khansa ya chiwindi, yomwe inkapha anyamata a kumigodi, makamaka ochokera ku Mozambique. Zoyambitsa zake zikuluzikulu zinatulukiridwa patapita zaka: kachilombo ka hepatitis B ndi poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga.

Ana a ku Malawi akulandira katemera wa hepatitis B kuyambira 2002, koma chuku chikadali m'nkhokwe zathu.