Chifukwa chake quarterback amadikira pamzere pa fantasy football

Mu ligi ya NFL ku America palibe wosewera wofunika kuposa quarterback, woponya mpira uja. Ndiye amalandira malipiro apamwamba, ndiyenso amatukwanidwa timu ikagonja. Koma anthu akakhala pansi mu August kusankha mosinthanasinthana osewera a matimu awo a fantasy football, mkuluyu amadikira pamzere, anzake othamanga ndi mpira ndi owakha mpira akupita kaye. Mbiri ya masewerawa imasonyeza kuti mtengo wa malo aliwonse m'timu sunachokere m'bwalo mokha. Amaupanga ndi malamulo owerengera mapointi komanso kusowa kwa osewera abwino pa malowo, ndipo zimenezi zikasintha mtengo nawo umasintha.

Masewerawa anayamba mu 1962, pamene Bill Winkenbach, mmodzi mwa eni ake a Oakland Raiders, anakonza malamulo ake mu hotelo ina ku New York pamodzi ndi Bill Tunnell, wofalitsa nkhani za timuyo, ndi mtolankhani Scotty Stirling wa Oakland Tribune. Mu 1963 ligi yawo ya matimu 8, yotchedwa GOPPPL, inasankha osewera koyamba, ndipo woyamba kutengedwa anali quarterback George Blanda wa Houston Oilers, yemwe mu 1961 anaponya ma touchdown (zigoli) 36. Panalibe chachilendo pamenepo, chifukwa mapointi ankabwera ndi kugoletsa basi. Mu 1963 momwemo Jim Brown wa Cleveland anathamanga mayadi 1,863, amene palibe anali atawafikapo, koma mayadiwo pa okha sankapatsa munthu kanthu. Nthawi imeneyo woyang'anira ligi ankawerenga yekha ndi pensulo kuchokera m'nyuzipepala, ndiye lamulo linatsata zimene munthu mmodzi angathe kuwonkhetsa asanatope.

Maligi atayamba kuwerenganso mayadi, makamaka makompyuta ndi intaneti zitalanda ntchito ya pensulo m'zaka za m'ma 1990, ufumu unapita kwa running back, wothamanga ndi mpira uja. Malamulo ofala amapatsa wothamanga pointi imodzi pa mayadi 10 ndi mapointi 6 pa touchdown, pamene woponya amafunika mayadi 25 kuti apeze pointi, touchdown yake n'kukhala ya 4. Ngakhale zili choncho quarterback amatolerabe mapointi ambiri pa chaka, ndipo apa m'pamene ongoyamba kumene amasokonezeka. Joe Bryant, pakati pa zaka za m'ma 1990, anafalitsa mfundo yotchedwa Value Based Drafting: musaone kuchuluka kwa mapointi a wosewera, onani kuti waposa ndi angati mnzake wa malo omwewo amene mungamupeze mosavuta. Mu ligi ya anthu 12, aliyense amaika quarterback mmodzi, kotero pafunika 12 okha pa matimu 32 a NFL, ndipo wa nambala 12 sasiyana kwenikweni ndi wa nambala 5. Koma ma running back amafunika awiri pa munthu, 24 onse, pamene amene amapatsidwa mpira kawirikawiri safika pamenepo. Zili ngati chimanga: thumba ndi lomwelo, koma mtengo wa February si wa May. Mu 2006 running back LaDainian Tomlinson wa San Diego anagoletsa ma touchdown 31, ndipo amene anali naye ankayamba sabata iliyonse ali patsogolo kale.

Wina anganene kuti umenewu ndi umboni woti luso ndiye limalamula, poti Tomlinson sanapangidwe ndi lamulo. N'zoona, ndipo zimene zimachitika m'bwalo zili ndi gawo lake: NFL itakhwimitsa mu 2004 lamulo loletsa otchinga kumbuyo kugwiragwira owakha mpira, matimu anayamba kuponya kwambiri, ambiri n'kumagawa ntchito yothamanga kwa anthu awiri kapena atatu. Koma luso limangotiuza amene ali woyamba pakati pa anzake a malo amodzi. Silitiuza ngati running back woyamba aposa wide receiver (wowakha mpira) woyamba. Maligi atalandira lamulo la PPR, lopereka pointi nthawi iliyonse munthu akawakha mpira, owakha anakwera mtengo asanasinthe kaseweredwe ngakhale pang'ono, ndipo running back Christian McCaffrey wa 2019, yemwe anawakha mipira 116 n'kupitirira mayadi 1,000 pothamanga komanso powakha, anakhala chuma chosowa. Maligi a superflex, olola ma quarterback awiri, anabwezera woponya pamwamba ndi mzere umodzi wokha wa malamulo. Amene amasewera Fantasy Premier League kwathu kuno akuzidziwa: chigoli cha wapakati ndi mapointi 5, cha wakutsogolo ndi 4, ndipo Mohamed Salah wapindulitsa ambiri chifukwa cholembedwa ngati wapakati.

Chitsutso chachiwiri n'cholimba kuposa choyamba. Ngati zonse ndi masamu, bwenzi Bryant atathetsa mkangano kalekale. Vuto n'lakuti masamuwo amadalira kulosera, ndipo running back ndiye amagundidwa kwambiri n'kuvulala msanga. Kuwonjezera apo, nzeru ikadziwika ndi onse okhala patebulo, phindu lake limatha: aliyense akathamangira running back, owakha abwino amatsalira amene wadekha. Shawn Siegele anagwiritsa ntchito mpata umenewu mu 2013 ndi njira yake ya Zero RB, yosiya othamanga m'magawo oyamba n'kudzatola olowa m'malo mwa ovulala nyengo ili mkati. Nayonso itatchuka, mtengo wa owakha unakwera, phindu lake n'kuchepa. Chitsutsochi sichigwetsa mfundo ya Bryant, chimangoiwonjezera, chifukwa kusowa kwa osewera kumapangidwanso ndi anzanu amene mukusankha nawo.

Tight end, wosewera wotchinga komanso wowakha mpira, amatsata lamulo lomwelo mwachidule: chaka chimene pali wina wonga Rob Gronkowski kapena Travis Kelce wosiya anzake kutali, n'koyenera kumutenga msanga, ndipo chaka chimene palibe, dikirani. Womenya mpira ndi phazi, amene mapointi ake ankawerengedwa bwino m'malamulo a Winkenbach, lero amatengedwa m'gawo lomaliza, ndipo maligi ena anamuchotseratu.