Belva Lockwood: Mai Amene Anaima pa Masankho Asanaloledwe Kuvota

Anyamata ndi atsikana, lero mukamva kuti mkazi ndi loya simudabwa. Koma ku America m'zaka za m'ma 1870, anthu anali kuseka nkhani yotere. Tamverani za Mai Belva Lockwood.

Iwo anabadwa mu 1830 ku Royalton, m'cigawo ca New York, ndipo anayamba kuphunzitsa ali ndi zaka 14. Amuna ao oyamba anamwalira mu 1853, nawasiya ndi mwana wamng'ono. Ambiri akadangokhala pansi, koma iwo anabwerera ku sukulu.

Atasamukira ku Washington, anaphunzira za malamulo pa National University Law School. Anatsiriza bwino lomwe, koma akuluakulu a sukulu anakana kuwapatsa setifiketi cifukwa anali mkazi, ndipo popanda pepalalo sakadaimirira munthu m'khoti. Tsono taonani cimene anacita: analembera kalata Pulezidenti Ulysses Grant, amene mwa udindo wake analinso mkulu wa sukuluyo. Sanapemphe mogwada ai. Ananena poyera kuti maphunziro atsiriza ndipo afuna cao. Patapita masiku owerengeka, mu 1873, setifiketi inafika.

Mu 1876 Khoti Lalikulu la dzikolo linawakananso. Mai Lockwood anavutitsa aphungu a Nyumba ya Malamulo kufikira lamulo linasinthidwa, ndipo pa 3 March 1879 anakhala mkazi woyamba kuloledwa kuimirira milandu m'khotimo. Caka cotsatira anathandiza Samuel Lowery, loya wakuda, kuti nayenso alandiridwe. Mu 1906, ali ndi zaka 75, anali mmodzi wa maloya amene anapambana mlandu wa mtundu wa Cherokee, ndipo boma linalamulidwa kulipira madola pafupifupi 5 miliyoni.

Koma cimene cindicititsa cidwi koposa ndi ici. Mu 1884, ndiponso mu 1888, anaima pa masankho a upulezidenti m'cipani ca Equal Rights Party, cikhalireco iwo eni sanali kuloledwa kuvota! Anaona kuti lamulo liletsa mkazi kuponya voti, koma sililetsa amuna kumuvotera. Manyuzipepala anawaseka, monga anali kusekeranso njinga yao ya mawilo atatu imene anali kuyendera m'Washington. Komabe mu 1884 amuna pafupifupi 4,000 anawavotera.

Anamwalira mu 1917. Lamulo lopatsa akazi a ku America ufulu wovota linabwera mu 1920.