Kulemedwa kwa purosesa popanga nyimbo pa laputopu

Kulemedwa kwa purosesa ndi vuto lomwe limachitika pamene pulogalamu yopangira nyimbo ikufuna ntchito yochuluka kuposa yomwe purosesa ya kompyuta ingamalize pa nthawi yake. Zikatero nyimbo imamveka mothetheka, imadukaduka, ndipo nthawi zina pulogalamuyo imaima. Vutoli limakula pa malaputopu chifukwa amatentha msanga komanso amachepetsa liwiro akamayendera batire. M'Malawi, komwe masitudiyo ang'onoang'ono ambiri amadalira laputopu imodzi, nyengo ndi magetsi zimawonjezera vutoli, makamaka m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja monga Salima.

Mapulogalamu ake

Mapulogalamu opangira nyimbo amadziwika ndi dzina lachidule lakuti DAW. Ena mwa odziwika kwa ojambula nyimbo m'Malawi ndi FL Studio ndi Cubase. FL Studio imapangidwa ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium, ndipo inkatchedwa FruityLoops mpaka chaka cha 2003. Cubase inatulutsidwa mu 1989 ndi kampani ya Steinberg ya ku Hamburg, yomwe mu 1996 inayambitsanso VST, njira yolowetsera timapulogalamu tina totchedwa ma plugin mkati mwa DAW. Ma plugin ndiwo amatulutsa mawu a ng'oma, piyano ndi zida zina, komanso kukometsa mawu a woimba. Ndiwonso amadya gawo lalikulu la mphamvu ya purosesa.

Momwe vutoli limayambira

Kompyuta imasunga mawu m'tizidutswa totchedwa ma sample. Pa muyezo wa CD, sekondi iliyonse imakhala ndi ma sample 44,100. Purosesa siyikonza kadutswa kamodzikamodzi, koma imasonkhanitsa tingapo m'gulu lotchedwa buffer, n'kulitumiza ku sipika. Gulu lililonse liyenera kutha lisanafike lotsatira. Buffer ya ma sample 128 imapatsa purosesa mamilisekondi pafupifupi 2.9, ya 512 imapereka 11.6, pomwe ya 1,024 imapereka 23.2. Purosesa ikachedwa ngakhale kamodzi, sipika imasowa choti itulutse ndipo pamamveka kuthetheka. FL Studio imawerenga kuchedwa kotereku pa dzina lakuti underruns.

Buffer yaikulu imapepukitsa purosesa, koma ili ndi kuipa kwake: woimba amamva mawu ake mochedwa m'mahedifoni, ndipo zimamuvuta kutsatira biti. N'chifukwa chake ojambula amaika buffer yaing'ono pojambula mawu, n'kuikweza akafika posakaniza nyimbo.

Chiwerengero cha CPU chomwe DAW imaonetsa chimasiyana ndi cha mu Task Manager wa Windows. DAW imayeza gawo la nthawi ya buffer lomwe lagwiritsidwa ntchito, pomwe Task Manager amaonetsa ntchito ya zigawo zonse za purosesa, zotchedwa ma core, pamodzi. Ma plugin olumikizana mondondozana pa tchanelo chimodzi sangagawidwe ku ma core angapo, popeza aliyense amadikira kuti mnzake amalize. Motero nyimbo ikhoza kudukaduka pamene Task Manager akuonetsa kuti purosesa ili ndi mpata wambiri.

Zomwe zimalemetsa purosesa

Choyamba ndi ma plugin olemera monga Serum ndi Omnisphere. Mwachitsanzo, ngati zotulutsa mawu ziwiri mu Serum zachulukitsidwa kasanu ndi kawiri chilichonse, ndipo woimba wadina manotsi anayi nthawi imodzi, purosesa imawerengera mawu 56 pa chida chimodzi chokha. Reverb yoikidwa pa tchanelo chilichonse payokha, komanso ma plugin omalizitsira nyimbo oikidwa pa tchanelo cha master ntchito ikadali pakati, amalemetsanso.

Chachiwiri ndi driver wa mawu. Driver wamba wa Windows amachedwa poyerekeza ndi ASIO, yemwe Steinberg inapanga kuti DAW izilankhulana mwachindunji ndi chida chotulutsa mawu.

Chachitatu ndi mapulogalamu ena oyenda mobisika, monga osaka mavairasi, okonzanso Windows ndi masamba a intaneti osiyidwa otsegula. Mapulogalamu obedwa, omwe anthu amapatsana pa mafulashi, amathanso kubwera ndi zoipa. Mu June 2019 kampani ya ESET inalengeza za LoudMiner, pulogalamu yobisika m'ma DAW ndi ma plugin obedwa, yomwe inkagwiritsa ntchito purosesa ya mwini kompyuta kukumbira ena ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero.

Kutentha ndi magetsi ku Salima

Boma la Salima lili m'chigawo chapakati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kum'mawa kwa Lilongwe. Derali limadziwika pa nkhani ya nyimbo chifukwa cha Sand Music Festival, chikondwerero chomwe anayambitsa malemu Lucius Banda ndipo chachitika kangapo ku Senga Bay. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, n'chifukwa chake ku Salima kumatentha kwambiri. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 masana.

Purosesa ikayandikira malire ake a kutentha, omwe pa malaputopu ambiri ndi pafupifupi madigiri 100, imachepetsa yokha liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti nyimbo imayenda bwino poyamba, kenako n'kuyamba kudukaduka pakapita mphindi zingapo, fani ya mkati ikulira kwambiri. Chipinda cha situdiyo chimakulitsa vutoli: chimakhala chotsekedwa, nthawi zambiri chofoleredwa ndi malata, ndipo fani ya m'chipindamo imazimitsidwa pojambula kuti maikolofoni isatole phokoso. Fumbi ndi mchenga wouluka ndi mphepo ya mwera zimatsekanso mipata yotulutsira mpweya.

Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunakula mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa mu 2021, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse. Magetsi akazima laputopu imayendera batire, ndipo Windows imatsitsa liwiro la purosesa kuti batireyo likhalitse. Malaputopu ena, monga a Dell, amachitanso chimodzimodzi akalephera kuzindikira chaja chomwe alumikizidwa nacho.

Kufufuza gwero

Kafukufuku amayamba ndi kutsegula DAW yopanda nyimbo. Ngati purosesa ndi yolemedwa kale, vuto lili mu kompyutamo, ndipo Task Manager amaonetsa pulogalamu yomwe ikudya mphamvu. Ngati vuto likubwera ndi nyimbo imodzi yokha, ma plugin amazimitsidwa mmodzimmodzi mpaka wolemerayo atapezeka. Vuto lobwera pakapita nthawi limaloza ku kutentha, ndipo lobwera chaja chikachotsedwa limaloza ku makonzedwe a mphamvu. Pulogalamu ya LatencyMon imathandiza kupeza ma driver, monga a Wi-Fi, omwe amachedwetsa mawu.

Njira zochepetsera vutoli

Njira zosafuna ndalama ndi kukweza buffer kufika pa 512 kapena 1,024 posakaniza, kusankha driver wa ASIO, kuika Windows pa High performance laputopu ili pa chaja, ndi kuzimitsa Wi-Fi. Chida cholemera chikhoza kusinthidwa kukhala mawu ojambulidwa kale, zomwe Cubase ndi Ableton Live zimatcha Freeze. Reverb imodzi ikhoza kutumikira matchanelo angapo, ndipo mu FL Studio, Smart disable amazimitsa ma plugin pa nthawi yomwe sakutulutsa mawu.

Pofuna kuchepetsa kutentha, laputopu imaikidwa pamalo olimba, osati pa matiresi, ndi kukwezedwa kumbuyo kuti mpweya uzilowa. Amisiri amachotsa fumbi pa fani ndi kupaka thermal paste yatsopano. M'miyezi yotentha, ntchito yolemera imayenda bwino m'mawa kapena usiku.

Kuwonjezera RAM kapena kuika SSD kumathandiza nyimbo zodalira ma sample ambiri, koma sikuwonjezera liwiro la purosesa. Pa malaputopu ambiri amakono purosesa ndi yowotchereredwa pa bolodi ndipo siyisinthika, choncho njira zonsezi zikalephera chotsala ndi kupepukitsa nyimboyo kapena kupeza kompyuta ina.