Azagaia ndi mayina a zimbale zake

Aphunzitsi anzanga, Azagaia atamwalira pa 9 Malichi 2023, ndinakhala usiku kuno ku Cateme ndikumvera pa foni macheza ake akale ndi atolankhani. Dzina lake lenileni linali Edson da Luz, wobadwira ku Namaacha mu 1984. Anayambira m'gulu la Dinastia Bantu, ndipo mu 2008 anaitanidwa ndi ofesi yoimba milandu ya boma chifukwa cha nyimbo yake.

Ankaimba hip-hop m'Chipwitikizi, koma mayina a zimbale zake anawatenga kumudzi. Cha 2007 anachitcha Babalaze, liwu la Chichangana lotanthauza matsire. Cha 2013 ndi Cubaliwa, kubadwa m'Chisena.

Ndinalemba liwu lachiwirili pa bolodi osalimasulira. Mtsikana wina wochokera ku Zóbuè, amene amangoti zii pa phunziro la Chipwitikizi, anakweza dzanja: "Aphunzitsi, si kubala mwana kumeneko?"

Ku sukulu ya uphunzitsi tinaphunzira kuti zilankhulo zathu ndi zapachibale. Mwanayu anazitulukira yekha. Makolo akamandifunsa kuti Chinyanja chidzamufikitsa kuti mwana, ndimawauza nkhani imeneyi.